Nyimbo Yobedwa pa Makina Osokera

Uthenga unabwera Lachinayi m'mawa, Kansalu atagwada pakhonde akutola mapini amene bambo ake anataya. Foni inali zii kwa masiku atatu, ndipo m'masiku amenewo mtsikanayu anali atamusiya Mphenzi kasanu mumtima, n'kumubwerera kasanu komweko. Dzina la Mphenzi anamupatsa ndi anzake oimba rapu chifukwa cha liwiro la lilime lake pa maikolofoni, koma ikafika nkhani yoyankha mauthenga, mnyamatayo analibe umphenzi uliwonse.

"Ndadutsa malire. Foni yanga inafa, iyi ndabwereka. Ndifika masana. Usamalize kukwiya, undisungireko pang'ono udzandikwiyire pamaso."

Kansalu anawerenga katatu. Chimene chinamusowetsa mtendere sichinali chete yekhayo. Panali chithunzi chimene chinkazungulira m'mafoni, choonetsa Shuga, mtsikana wa mawu okoma amene ankaimba nawo makolasi, atatsamira phewa la Mphenzi pa zoimba zina tsidya la malire. Asanaganize chofunsa, uthenga wachiwiri unalowa.

"Chithunzi chija ndachiona. Chikulitse uone bwino. Dzanja limodzi lanyamula chikwama chake, anachita kundipempha. Linalo lili m'thumba. Lachitatu ndilibe."

Anachikulitsadi, ndipo zinali momwemo. Nkhope ya Mphenzi inali ya munthu amene akudikira basi. Kansalu anamva mtima ukutsika kubwerera pamalo pake, mpaka anaseka yekha.

"Mapini sasangalatsa choncho," anatero bambo ake, osachotsa maso pa kolala imene ankasoka. "Ndi uja wa tsidya?"

"Ndi yemweyo, Bambo. Akufika lero."

"Lamlungu masana, monga ndinanenera. Ndikungofuna ndimuone nkhope, sindinati ndavomera. Umuuze avale lamba."

A Telala, monga aliyense mumsewumo ankawatchulira, anakana kumva za mnyamatayu kwa miyezi isanu ndi iwiri. Kwa iwo rapu inali kukangana ndi ng'oma, ndipo oimba ake anali anthu osadziwa pamene chiuno chili. Zoti mwana wawo mmodzi yekha amaimba zomwezo ankazipirira ngati dzino lobooka, koma kuti awabweretserenso mkamwini wa mtundu womwewo, wochokeranso dziko lina, zinawakulira. Lamlungu limeneli Kansalu analipempha ndi misozi, ndipo ankadziwa kuti likawonongeka sipadzakhalanso lina.

* * *

Situdiyo ya a Mabatani, mkulu wojambula nyimbo zawo, inali chipinda chimodzi kuseri kwa sitolo ya matayala, makoma ake okutidwa ndi masiponji akale. Mphenzi anali atafika kale, maso ofiira ndi fumbi la ulendo. Ataona Kansalu anaimirira, n'kuweramitsa mutu.

"Ndabwera kudzakwiyiridwa."

"Zatha, ndinamaliza zonse dzulo. Wachedwa."

"Ndiye ndikhale pafupi?"

"Khala, koma manja onse awiri ndiziwaona."

Nyimbo imene inawasonkhanitsa inali ya anthu asanu ndi mmodzi ochokera m'maiko atatu oyandikana. Anagwirizana kuti aliyense aimbe vesi yake m'chilankhulo cha kwawo, anene kumene anakulira, popanda kupotoza lilime kuti amveke ngati wa kunja kwa nyanja. A Mabatani anaikanso lamulo lawo: biti, kugunda kotsagana ndi mawu a oimba, isakhale ndi kaphokoso ngakhale kamodzi kotenga pa intaneti. Aliyense abwere ndi phokoso la kwawo. Wina anajambula nyundo ya wokhoma zidebe, wina kondakitala akuitana anthu, wina madzi akuthiridwa mumtsuko. Kansalu anabisa foni pansi pa zidutswa za nsalu, n'kujambula makina a bambo ake akupondedwa. Anamvera kachiyambi kokha, anaona kuti zamveka, basi n'kutumiza.

"Khalani bwino," anatero a Mabatani. "Tasintha pang'ono, koma mundiuze ngati simumva tsemwe."

Nyundo inayamba, makina osokera n'kulowa pansi pake, takataka takataka, ndipo mitu yonse m'chipindamo inayamba kugwedera. Vesi yoyamba itatha, pamene aliyense ankayembekeza mawu a Shuga, panamveka mawu a munthu wamkulu akung'ung'udza kanyimbo kopanda mawu, mofatsa, ngati munthu amene sakudziwa kuti wina akumumva. Kansalu anamvadi tsemwe, koma osati limene a Mabatani ankanena.

"Imitsani. Amenewo ndi Bambo."

"Ali chakumapeto kwa zimene unatumiza zija," anatero Mphenzi, akumwetulira. "Titangowamva tinayang'anana. Ife tonse tikukuwa kuti kwathu, kwathu, koma kwathu kwenikweni ndi kumeneku."

"Unawapempha?"

Kumwetulira kuja kunazima. Anthu opanga mabiti ndi otero: akamva phokoso lokoma amangotola, ngati bango la m'dambo lopanda mwini. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anaganiza kuti mawuwo ali ndi mwiniwake, ndipo mwiniwakeyo ndi amene adzagamule za ukwati.

"Ndiye kolasi yanga mwaichotsera gogo wong'ung'udza?" anafunsa Shuga ali pakona, atapinda miyendo. Anayankhula moseka, koma maso sankaseka.

"Uli m'malo ena atatu, mlongo wanga," anatero a Mabatani. "Palibe wakuchotsa."

Mphenzi anagwira dzanja la Kansalu. "Ndalakwa. Lamlungu ndikawapempha ndekha, ndikamaliza kuwapatsa moni. Akakana, tichotsa. Kufikira tsikulo, nyimboyi isatuluke m'chipinda muno."

Onse anavomera. A Mabatani anaiseweranso kuti amve mapeto, ndipo palibe amene anasamala zoti foni ya Shuga inali itaimikidwa pa bondo, kamera itayang'ana sipika.

* * *

Loweruka m'mawa azakhali anafika osaitanidwa, foni ili m'manja, mpango utapendekeka chifukwa cha changu. Iwowa anali mlongo wawo wa a Telala, ndipo chibadwire sanasungepo nkhani mpaka kuzizira.

"Achimwene, mwayamba liti kuimba za m'mabala? Anthu a kwaya yonse anditumizira. Akuti a Telala alowa gulu la anyamata a mathalauza ogwa."

Kansalu anali pakhomo ndi tsache. Anamva nyundo, anamva makina, kenaka vesi yake yomwe.

*Ndinakulira pansi pa makina, ulusi m'tsitsi,*
*yunifolomu ya zigamba koma yosita bwino.*
*Musandifunse za kutali, ndifunseni za kwathu,*
*kumene phazi la bambo limaimba kusanache.*

Pambuyo pake panabwera kung'ung'udza kuja. A Telala anaimitsa phazi. Anatenga foniyo, anaiika pafupi ndi khutu, n'kuuza mlongo wawo kuti aibwereze. Anamvera kachiwiri, kachitatu, kenaka anaibweza n'kuyambanso kusoka. Azakhali anadikira mkuntho, koma poona kuti sukubwera analowa m'nyumba kukadziphikira tiyi.

Kansalu anathawira kuchipinda. Pafoni yake anapeza kanema wa nyimboyo, pansi pake Shuga atalemba kuti, "Apongozi a munthu wina alowa m'gulu." Anthu anali atayamba kale kuseka ndi kugawana.

"Bambo amva," Kansalu analembera Mphenzi. "Shuga waitulutsa. Azakhali abwera nayo."

"Ndikubwera pompano."

"Usayerekeze."

"Akuti chiyani?"

"Palibe. Akusoka."

"Si bwino kodi?"

"Iwe suwadziwa. Akakalipa ndiye kuti zatha. Akakhala chete ndiye kuti akuyeza."

Anakhala pabedi mpaka dzuwa linafika pamutu, akumvera makina panja. Anali ndi mantha enieni. Sankaopa kukalipiridwa, ankaopa kamawu kamodzi kofatsa konena kuti mnyamata uja asavutike kubwera. Makina atasiya kulira, anamva bambo ake akuitana.

"Khala apa." Anamuonetsa kampando kamene makasitomala amakhalapo poyezedwa. "Mawu anga anafika bwanji kumeneko?"

Anawauza zonse, za lamulo la a Mabatani, za foni pansi pa zidutswa, zoti iye sanamvere mpaka kumapeto. Sanabise zoti Mphenzi ndi amene anasankha kung'ung'udzako, ngakhale lilime linafuna kubisa.

"Ndiye wandibera pakhonde panga pomwe."

"Ndalakwa, Bambo."

"Walakwadi. Munthu akafuna kachidutswa ka nsalu kuno amapempha, ngakhale kakhale kogwera pansi." Anavula magalasi n'kuwapukuta ndi ngodya ya shati. "Koma chandipweteka si chimenecho. Mwaidula pakati."

Kansalu anadzutsa mutu.

"Nyimbo ija ili ndi mutu ndi miyendo. Inu mwatenga mimba yokha, n'kumangoibwereza. Ndani amadula chinthu asanachiyeze? Ndiponso tsiku limenelo ndinali ndi chimfine. Maiko atatu andimve ndili ndi chimfine?"

"Bambo, ndiye kuti simuna..."

"Ndakwiya, usandithamangire. China, yunifolomu yako inalibe zigamba. Chinali chimodzi, pa chigongono, ndipo palibe anachiona. Ukundichotsera makasitomala." Anavalanso magalasi, akuyang'ana kumsewu. "Koma za phazi zija wanena bwino. Sindinkadziwa kuti unkamva. Ndinkayesa uli mtulo."

Misozi imene Kansalu anaisunga kuyambira m'mawa inatuluka, koma inatuluka pamodzi ndi kuseka, moti sanadziwe chopukuta. Bambo ake anamupatsa kachidutswa ka nsalu ya buluu.

"Umuuze mnyamata wako asabwere kuno mawa."

Kansalu anasiya kupukuta misozi.

"Ndikamupeza komweko kumene mumadulira nyimbo za eni. Ngati mawu anga atuluke, atuluke atavala bwino."

Azakhali, amene anali kuseri kwa chitseko ndi kapu m'manja, anatulukira. "Achimwene, mwapenga? Pa msinkhu wanuwu?"

"Pa msinkhu wangawu, mlongo wanga, ndi pamene munthu amadziwa nyimbo yonse."

* * *

Kansalu anaimba foni ali kuseri kwa nyumba, pafupi ndi chingwe choyanikira zovala. Mphenzi anayankha isanalire n'komwe, koyamba chidziwanireni.

"Ndiuze msanga, ndapakira kale chikwama."

"Masula. Akubwera mawa ku situdiyo, adzaimba."

Kunamveka mpweya wautali ngati wa tayala lophwa.

"Ukunama."

"Akuti munadula nyimbo yawo ngati anthu osaphunzira."

"Akunena zoona. Ndine wosaphunzira. Ndivomera chilichonse. Akati ndine mbuzi, ndilira."

"Lamba uli naye?"

"Ndagula awiri."

Atatsitsa foni anapeza uthenga wa Shuga: "Pepa mnzanga, chala chinangotereraka, sindimafuna kuitulutsa." Tsiku lina Kansalu akanayankha ndi ndime zitatu. Tsikuli mtima unali wopepuka kwambiri moti analibe mphamvu zodana ndi munthu. Analemba kuti, "Zikomo, chatithandiza. Mawa usachedwe, Bambo akufuna woimba nawo wodziwa kutsata."

* * *

Lamlungu masana a Telala anatsika minibasi atavala jekete imene anadzisokera okha, mwana wawo ali pambuyo. A Mabatani anali atasesa, chinthu chimene chipindacho chinali chisanaonepo. Oimba ena aja anaima mondandana kukhoma ngati ana asukulu, zipewa zili m'manja. Shuga anabweradi, ndipo anapereka moni atapinda maondo, maso ali pansi.

Mphenzi anatsogola, shati yoyera ataipisira, lamba atamanga mpaka kupuma movutikira. Anagwira dzanja la bamboyo ndi manja awiri.

"Bambo, ndisananene china chilichonse, ndine amene ndinatenga mawu anu osapempha. Mwana wanuyu sankadziwa. Mundikhululukire."

A Telala anamuyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, kenaka anatambasula dzanja n'kutembenuza kolala ya shatiyo kuti aone msoko.

"Yogula m'sitolo."

"Inde, bambo."

"Zikuoneka. Phewa lamanzere latsika. Udzabwere nayo." Anamusiya. "Munthu wovomera kulakwa asanafunsidwe ndimamumvera. Nanga zoimba mothamanga ngati ukuthawa galu zija, amamva ndani?"

"Achinyamata amamva, bambo. Ambiri amachita manyazi ndi chilankhulo cha kwawo, amati n'chachimidzi. Ife tikufuna akamva nyimboyi azinena za kwawo mutu uli m'mwamba."

"Hmm," anatero a Telala. Kansalu ankaidziwa hmm imeneyo. Inali yomwe amanena nsalu ikakhala yabwino koma sakufuna wogulitsa adziwe. Kansalu anatsamira khoma, ndipo Mphenzi anabwera kudzaima pambali pake.

A Mabatani anawalowetsa bamboyo m'kachipinda ka galasi, anawaveka mahedifoni, n'kuwauza kuti asakhudze maikolofoni. Iwo anaikhudza, kuti aone ngati ndi yolimba. Biti itayamba anagwedeza mutu kukana.

"Makina angawa mwawathamangitsa. Sindisoka choncho, ndingathyole singano. Bwezani pang'ono."

A Mabatani anabweza. Phazi la a Telala linayamba kuponda pansi lokha, ndipo anatseka maso n'kuimba nyimbo ija, tsopano ndi mawu ake onse.

*Ponda, ponda, m'bale wanga, dzuwa lisanalowe,*
*nsalu ya eni ithe, ife tione njira.*

Mawuwo anali okalamba koma owongoka. Shuga analowa pansi pake mofewa osauzidwa, ndipo zinagwirizana moti a Mabatani anakweza manja onse m'mwamba. Kansalu anamva zala za Mphenzi zikufunafuna zake, ndipo anazilola. Bambo ake anatsegula diso limodzi, anaona manjawo kudzera pagalasi, n'kulitsekanso osasiya kuimba. Pamenepo Kansalu anadziwa kuti miyezi isanu ndi iwiri ija yatha. Anali wokondwa, ndipo kwa nthawi yoyamba sanaone chifukwa chobisira.

Atafika pa ndime yachiwiri, a Telala anakakamira. Anayamba, "Ukapita kutali, m'bale wanga," mawu n'kuwathera pakhosi. Biti inapitirira yokha. Anayesanso, anaimanso pomwepo, akupukusa mutu ngati munthu amene waiwala pamene waika sizasi.

Mphenzi anawerama, anadina batani loyankhulira ndi wa m'kachipindako, n'kuwathandiza mwaulemu, moimba pang'onopang'ono.

*Ukapita kutali, m'bale wanga, ulusi usadule,*
*singano ndakusungira, mpando wako ulipo.*

Anzake anaomba m'manja. Wina anati apongozi ndi mkamwini apezana, ndipo chipinda chonse chinaseka. A Telala okha sanaseke. Anavula mahedifoni, anawaika pampando mosamala, n'kutuluka m'kachipindako.

"Zimitsani kaye," anauza a Mabatani. Kenaka anayang'ana Mphenzi. "Ndime imeneyo unaimva kuti? Pa zimene anajambula mwana wangayu palibe mawu."

"Kunyumba, bambo. Bambo anga ankaiimba ndili mwana, asanamwalire. N'chifukwa chake nditangomva kung'ung'udza kwanu inandigwira mtima. Ndimayesa ndi nyimbo yakale ya aliyense."

"Si ya aliyense. Siinaimbidwepo pa wailesi kapena pa ukwati. Tinaipeka anthu awiri pakhonde la sitolo pamene tinkaphunzira kusoka, ine ndi mkulu wanga. Ndime yoyamba ndi yake. Yachiwiriyo ndinapeka ine, tsiku limene ankakwera basi kuwoloka malire kukafuna ntchito. Papita zaka makumi atatu, sanalembepo kalata." Anamuyandikira. "Bambo ako ankagwira ntchito yanji?"

Kansalu ankalidziwa yankho. N'limene linawaseketsa tsiku loyamba kukumana, pamene anazindikira kuti onse awiri anakula akutola mapini. Anafuna kuti Mphenzi aname, anene kuti anali dalaivala, mphunzitsi, chilichonse.

"Anali telala," anatero Mphenzi, mawu atatsika.

"Ankati kwawo n'kuti?"

"Sankanena. Amayi okha ndi amene angadziwe. Mwina anangoiphunzira kwa mnzawo wa ntchito, bambo. Matelala amakhala pamodzi, amamverana nyimbo."

"Mwina," anatero a Telala. "Ndikupemphera kuti zikhale choncho, chifukwa ndakuona ndipo sindinakupeze chifukwa. Uwaimbire amayi akowo lero lomwe, ndiyankhule nawo ndekha."

Anatembenukira kwa mwana wawo. Nkhope yawo inalibe mkwiyo, inali ndi chisoni chokha, ndipo Kansalu anaona kuti mkwiyo ukanakhala bwino.

"Mwana wanga, ngati ali mwana wa mkulu wanga, ameneyu ndi mlongo wako. Tisanamve kwa amayi ake, musiye dzanjalo."